Kulira kwa Minimoog m'kompyuta: njira iti ingapirire kutentha kwa kuchigwa?

Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala, dzuwa lili paliwombo, ndinali m'kasitudiyo kanga pa Nchalo pamodzi ndi kwaya ya amayi a mpingo wina amene anabwera kudzajambulitsa nyimbo zitatu. Mawu awo tinali titatenga kale m'mawa kusanatenthe, ndipo chimene chinatsala chinali kuika besi pansi pa nyimbozo. Mnyamata wawo woimba kiyibodi anandipempha besi yonenepa, yoti munthu aziimva m'chifuwa, ndipo ine pozindikira chimene ankatanthauza ndinatsegula pulogalamu yotsanzira Minimoog, chipangizo chakale cha makiyi chopanga mawu ndi magetsi (synthesizer), n'kuiika pa mlingo wake wapamwamba kwambiri. Sipanathe mphindi khumi, m'masipika munayamba kumveka kuthetheka ngati chimanga chokazinga m'chiwaya. Mayi wotsogolera kwayayo anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Achimwene, kodi masipika anuwa ang'ambika?" Ndinawayankha kuti, "Iyayi amayi, masipika ali bwinobwino, koma kompyutayi yalefuka ndi kutentha." Fani ya laputopu inali ikulira ngati chigayo, ndipo chipinda chonse chinali ng'anjo chifukwa cha malata.

Amene amakangana za mapulogalamu amenewa kumayiko ozizira amafunsa funso limodzi lokha, lakuti ndi iti imene ikufanana kwambiri ndi chipangizo chenichenicho. Ife a ku Chikwawa ndi ku Nsanje funso limenelo limabwera mochedwa, chifukwa tisanafike pamenepo tiyenera kudziwa ngati laputopu yogula pa kaunjika ingaisenze pulogalamuyo pamene kunja kwatentha kupitirira madigiri 40, ngati ingatseguke netiweki itasowa, komanso ngati pali njira yoilipirira kuchokera kuno.

Minimoog Model D inatuluka m'chaka cha 1970 kuchokera ku kampani ya Robert Moog m'tauni ya Trumansburg ku New York, ndipo anasiya kuipanga mu 1981 atapanga zopitirira pang'ono 12,000. Ili ndi makiyi 44 ndipo imaimba noti imodzi yokha pa nthawi, kotero munthu sangaimbirepo ma chord. Mawu ake amayambira mu ma oscillator atatu, tizigawo topanga liwu, amakumana pa chosakanizira, kenako amadutsa mu filter, imene ntchito yake ili ngati ya sefa yosefera ufa: imalola mawu apansi kudutsa n'kutsekereza okwera. Filter ya Moog imatchedwa ladder chifukwa ma transistor ake anawasanja awiriawiri ngati makwerero, ndipo imadula ma decibel 24 pa octave iliyonse. Kunenepa kumene anthu amakukonda kumachokera ku zinthu zimene injiniya wosamala akanazitcha zolakwika. Ma oscillator atatu aja sagwirizana ndendende, amasemphana pang'ono n'kumakhulana, ndipo ukawakweza onse pa chosakanizira amakankha filter mopitirira muyeso, mawu n'kukhala ndi kachinyezi kokanda. Oimba akale ankatenganso mawu otuluka m'chipangizocho n'kuwabwezera polowera mawu akunja kuti kukandako kuwonjezeke.

Kompyuta imavutika kutsanzira zimenezi pa zifukwa ziwiri zimene ndi bwino kuzimvetsa, popeza ndizo zimasiyanitsa pulogalamu yolemera ndi yopepuka. Choyamba n'chakuti kompyuta imaduladula mawu, kawirikawiri ka 44,100 pa sekondi, ndipo singasunge liwu lokwera kuposa theka la nambala imeneyo, ndiye kuti 22,050 Hz. Funde la mawu lotchedwa sawtooth, looneka ngati mano a sowo, makamaka likakandidwa, limabala timawu tokwera kuposa malire amenewo, ndipo timawuto sitisowa koma timabwerera m'munsi ngati phokoso lachitsulo losagwirizana ndi nyimbo. Pofuna kupewa zimenezi opanga mapulogalamu amachititsa kompyuta kuwerengera mawuwo kanayi kapena kasanu ndi katatu kuposa mwa masiku onse, ndipo ntchito ya purosesa imachuluka momwemo. Chachiwiri n'chakuti mu filter yeniyeni mawu otuluka amabwerera kolowera nthawi yomweyo, pamene m'kompyuta yankho limachedwa ndi sitepe imodzi, ndipo kuchedwa kochepa kumeneko kumasintha kulira kwa filter ikatsegulidwa kwambiri. Mapulogalamu abwino amathetsa vutoli poyerekeza yankho n'kulikonza mobwerezabwereza pa kadontho kalikonse ka mawu. Apa m'pamene fani ya laputopu imayambira kulira, ndipo purosesa ikatentha kwambiri imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse, zimene zimabweretsa kuthetheka kumene amayi aja anamva.

Pulogalamu imene ndinatsegula tsiku lija inali Diva, ya kampani ya u-he ya ku Berlin, imene inatuluka mu 2011. Kunena zoona, Diva si Minimoog yokha. Ili ngati bokosi la zida momwe muli ma oscillator ndi ma filter otsanzira zipangizo zingapo zakale za Moog, Roland ndi Korg, ndipo munthu amasankha zoti alumikize. Akafuna Minimoog amatenga chigawo chotchedwa Triple VCO n'kuchiphatikiza ndi filter ya Ladder. Kwa mwini situdiyo amene lero akujambula kwaya, mawa mnyamata wa dancehall, mkuja gulu la ukwati, uwu ndi mwayi waukulu, chifukwa ndalama imodzi ikumupatsa besi ya Moog pamodzi ndi mawu ofewa oyala pansi pa kwaya ngati a Juno ya Roland. M'makutu mwanga, pa mapulogalamu onse amene ndayesapo, Diva ndi imene imakhalabe yokoma ngakhale munthu apotokole filter mwankhanza. Koma imadya purosesa mopanda chisoni. Ili ndi milingo inayi, draft, fast, great ndi divine, ndipo kulakwa kwanga kunali kuiika pa divine masana a Okutobala. Opanga ake anaika kale njira yopulumukira: munthu amagwira ntchito pa draft kapena fast, n'kuuza pulogalamuyo kuti potulutsa nyimbo yomaliza igwiritse ntchito mlingo wapamwamba, popeza pa nthawi imeneyo kompyuta siithamangitsidwa ndi sekondi. Chinanso chimene chimandikopa n'chakuti laisensi yake ndi nambala chabe imene umailemba kamodzi, osafunikanso intaneti, ndipo yoyeserera imagwira ntchito yonse kupatula kuti imathetheka mwa apo ndi apo pokukumbutsa kuti sunalipire. Mtengo wake umapitirira madola 150, ndipo pamenepo ndi pamene ambiri timabwerera.

Amene akufuna Minimoog yokhayokha, yopanda zina, ali ndi Monark ya Native Instruments, ya mu 2013, ndi The Legend ya Synapse Audio, ya mu 2016. Monark inakakamira pa chikhalidwe cha chipangizo chakale mpaka kukana ma chord, imaimba noti imodzi basi, ndipo besi yake ndi yolimba ngati mtengo wa tsanya. Chovuta chake n'chakuti siima payokha, imakhala m'kati mwa pulogalamu ina yotchedwa Reaktor, ndipo kuti zonsezi zilowe m'kompyuta pamafunika pulogalamu inanso yotchedwa Native Access, imene imadya bandulo ndipo imafuna netiweki yodekha. Amene anayesapo kutsitsa fayilo yaikulu ali ku Makhanga kapena ku Chapananga akudziwa kuti zimenezi si nkhani yaing'ono. The Legend imandisangalatsa kuposa Monark pa ntchito ya tsiku ndi tsiku. Imatha kuimba manoti anayi pamodzi, ili ndi tsamba lakumbuyo pamene umasankha kutsanzira Minimoog yoyambirira kapena ya zaka zotsatira ndi kuchuluka kwa kusemphana kwa ma oscillator, ndipo pa laputopu yanga yomweyo imayenda mopepuka kuposa Diva. Munthu atandifunsa kuti agule imodzi yokha yoti izimupatsa besi, ndipo kompyuta yake ndi yapakatikati, ndingamulozere imeneyi.

Arturia, kampani ya ku Grenoble m'dziko la France, ili ndi Mini V, imene yakhala ikukonzedwanso kangapo pa zaka zambiri. Mphamvu yake ili pa mawu okonzeratu ambirimbiri komanso zowonjezera zimene Minimoog yeniyeni inalibe, monga ma chord ndi ma effect. Pano pali chinthu chimene anyamata ambiri sachidziwa: amene anagula kakiyibodi ka MiniLab ali kale ndi chilolezo cha Analog Lab, momwe muli mawu ena otengedwa ku Mini V, ndipo ngakhale sangathe kupotokola chilichonse monga pa pulogalamu yathunthu, besi yabwino ilimo. Ndaonapo mnyamata akusakasaka plugin (pulogalamu ya mtundu umenewu) yakuba pamene kapepala ka laisensi kali m'katoni ya kiyibodi yake pansi pa bedi. Miniverse ya Cherry Audio ndi yotsika mtengo kuposa zonse zogulitsa zimene ndatchulazi, ndipo kwa woyamba kumene ndi yokwanira. Model 72 ya Softube ya ku Sweden, imene anatsanzira Minimoog yopangidwa mu 1972, ndi Minimoog ya Universal Audio, imene ili ndi chilolezo cha eni dzina la Moog, zonse zimamveka bwino zedi, koma zimadalira iLok, njira yosungira laisensi, ndipo za iLok ziyenera kukambidwa pazokha.

Laisensi ya iLok imatha kukhala m'kachipangizo ka USB kogula padera, m'kompyuta mwenimwenimo, kapena pa intaneti m'njira imene amaitcha iLok Cloud. Njira yomalizayi imafuna kuti intaneti isaduke nthawi yonse imene pulogalamu ili yotsegula. Kuchigwa kuno tikudziwa zimene zimachitika mvula ikakula. Namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mphamvu ya magetsi pafupifupi ma megawati 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo Freddy atabwera mu Malichi 2023 misewu, mapolo ndi netiweki zinapita limodzi ndi madzi. Magetsi ukhoza kudzipezera ndi sola, batire ndi inveta, koma nsanja ya foni ikazima palibe chimene ungachite. Chomwechonso ndi mapulogalamu olipira mwezi ndi mwezi: mtengo wake umaoneka wochepa, koma ndi wa madola, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 aliyense amene anali ndi ngongole ya madola anadzuka ngongoleyo itakula usiku umodzi. Ukalephera kulipira mwezi umodzi, nyimbo zonse zakale zimene munali pulogalamuyo zimatseguka zopanda besi, ndipo kasitomala amene wabwera kudzasinthitsa vesi imodzi samva zimenezo. Pa chifukwa chimenechi ine ndimaika patsogolo pulogalamu yogula kamodzi, imene laisensi yake imakhala m'kompyuta.

Kulipira kwenikweniko nakonso n'chiphinjo. Masitolo a mapulogalamuwa salandira Airtel Money kapena Mpamba, amafuna khadi ya Visa kapena Mastercard yololedwa kugula kunja, ndipo pa nthawi imene ndalama zakunja zikusowa m'dziko malire a khadi amakhala ochepa. Ambiri amadalira mbale wawo wa ku Johannesburg kapena ku Ulaya kuti awalipirire, ndipo amene akuchita zimenezi aonetsetse kuti akaunti yatsegulidwa pa imelo yawo, osati ya mbaleyo. Ndi nzerunso kudikira kumapeto kwa Novembala, pamene makampani ambiri amatsitsa mitengo, nthawi zina mpaka theka.

Tsono pali njira yosalipira kanthu, imene ndikuona kuti anthu amainyoza asanaiyese. Surge XT ndi yaulere kotheratu, ndipo malamulo ake amalola kuikopera pa fulashi n'kupatsa mnzako popanda mlandu. Inayamba ngati pulogalamu yogulitsa, koma mu 2018 mwini wake anaitsegulira anthu onse, ndipo kuyambira pamenepo odzipereka a m'mayiko osiyanasiyana akhala akuikonza. Siinapangidwe kuti ikhale Minimoog, nkhope yake ndi yodzaza ndi zinthu moti woyamba amachita nayo mantha, koma ili ndi ma oscillator atatu ndi filter yotchedwa Vintage Ladder, ndiye kuti zofunika zonse zilipo. Kuti besi ituluke, munthu amaika ma oscillator awiri pa sawtooth, wina n'kumutsitsa ndi octave imodzi, amawasemphanitsa pang'ono kwambiri, amauza pulogalamuyo kuti iziimba noti imodzi pa nthawi, amatseka filter mpaka mawu atachita mdima, kenako amaika envelope yoti izitsegula filter msanga noti ikagundidwa n'kuitsekanso. Akawonjezera glide pang'ono, manoti amatsetsereka kuchoka pa ina kupita pa ina monga mmene woimba besi amakokera chala pa nsambo. Njira yomweyi imatheka pa 3x Osc, imene aliyense wogwiritsa ntchito pulogalamu yopangira nyimbo ya FL Studio ali nayo kale, ngakhale kuti filter yake ndi youma ndipo pamafunika kuikanda ndi distortion pang'ono kuti ikhale ndi moyo. TAL-NoiseMaker ndi Tyrell N6 nazonso n'zaulere ndi zopepuka. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo mnyamata amene waphunzira kupanga besi pa 3x Osc adzaidziwa Minimoog iliyonse tsiku limene adzaione, pamene wongosinthasintha mawu okonzeratu (ma preset) adzakhalabe mlendo ngakhale pa Diva.

Kusiyana kulipo, sindikubisa. Ukakweza resonance, imene imakweza mawu a pamalire pamene filter ikudulira ndipo pa Minimoog inalembedwa kuti Emphasis, n'kumapotokola filter pang'onopang'ono pa noti yaitali, mapulogalamu okwera mtengo amalira mosalala ngati mluzu, ndipo besi imaonda pang'ono monga mmene imachitira pa chipangizo chenicheni, pamene aulere ena amachita makwinya kapena kulira mwachitsulo. Pa nyimbo imene synthesizer ikuimba yokha kutsogolo, zimenezi zimamveka. Pa besi imene yabisala pansi pa ng'oma, gitala ndi amayi makumi awiri, ndayesapo kusinthanitsa Diva ndi Surge XT osauza munthu, ndipo palibe anatukula mutu.

Chifukwa chake chili pa zimene anthu athu amamvera nyimbo. Noti yotsikitsitsa ya gitala ya besi ya nsambo zinayi, E, imanjenjemera ka 41 pa sekondi. Sipika ya foni, kawailesi kamene kakugwira Nyanthepa kapena Gaka, ngakhale kasipika ka Bluetooth kamene kali pa shelefu ya okala pa Dyeratu, sizingatulutse liwu lotsika chotero. Chimene khutu limamva ndi timawu tokwera pamwamba pake, pa 82, pa 123, pa 164 ndi kupitirira, ndipo ubongo umadzazamo wokha liwu lapansi limene palibe. Oimba valimba ku Nsanje anazidziwa kalekale zimenezi. Pa zikho zimene amapachika kunsi kwa mbale za valimba amaboola kabowo n'kumatapo kanthu kopyapyala kamene kamanjenjemera mbale ikagundidwa, ndipo kunjenjemera kumeneko ndi kumene kumapititsa mawu a mbale zikuluzikulu kutsidya kwa bwalo. Kukanda kwa filter ya Moog kumagwira ntchito yomweyo. Choncho poyerekeza mapulogalamu, kuyesa koyenera si kumvetsera pa mahedifoni abwino kokha, koma kutumiza nyimboyo pa WhatsApp, kuimvera pa foni ya itel, ndiponso kuipereka kwa wa zimbale pa chinkhoswe kuti uone ngati besiyo siikuphimba mawu a oimba pa masipika akuluakulu.

Za ma sample, ndiye kuti mawu ojambulidwa kuchokera ku Minimoog yeniyeni noti ndi noti, palibe zambiri zonena. Sadya purosesa, ndipo pa kompyuta yofooka kwambiri ndiwo pothawira, koma filter yake inauma pa tsiku limene anaijambula ndipo manoti onse amatuluka ofanana ngati njerwa za chikombole chimodzi. Pa foni napo, pulogalamu ya Minimoog Model D imene Moog eni ake anatulutsa mu 2018 ndi yabwino ndiponso yotsika mtengo, koma ndi ya iPhone ndi iPad, pamene kuno mafoni ambiri ndi a Android. Wa Android angagwiritse ntchito MiniSynth ya mu FL Studio Mobile posunga maganizo a nyimbo ali m'minibasi, n'kudzamaliza pa kompyuta.

Mapulogalamu akuba, amene timangowatcha ma crack, ndi amene ali m'masitudiyo ambiri, ndipo kunamizira kusawadziwa n'kudzinamiza. Ine ndinasiya nditapsa. Munthu wina anandiikira mulu wa ma plugin kuchokera pa fulashi yake pa mtengo wa sopo, ndipo patatha milungu iwiri laputopu inkatentha ngakhale ndisanatsegule kalikonse, chifukwa m'kati munalowa kachilombo kamene kankagwiritsa ntchito purosesa usana ndi usiku. Pochotsa kachilomboko ndinataya ntchito za anthu atatu zimene ndinali ndisanazisunge kwina. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Pamene Surge XT ilipo yaulere, sindikuonanso chifukwa choika pachiswe nyimbo za makasitomala.

Yatsala njira imene siili ya pulogalamu konse, koma ndiyenera kuitchula chifukwa mtengo wake ukupikisana ndi mapulogalamu. Minimoog yeniyeni tiiwale: Moog anaipanganso mu 2016 ndi mu 2022, ndipo yomalizayi inali pafupifupi madola 5,000, pamene yakale yosamalidwa bwino imadulanso chimodzimodzi kapena kuposa. Koma Behringer anatulutsa Model D yawo, kabokosi kopanda makiyi kotsanzira mawaya a Minimoog, kamene kanayamba kugulitsidwa pa madola pafupifupi 300. Ameneyu ndi analogue weniweni, ndiye kuti mawu amapangidwa ndi mawaya osati ndi kompyuta, sadya purosesa ngakhale pang'ono, safuna laisensi, ndipo kugwira zopotokola ndi manja kumaphunzitsa msanga kuposa kukoka mbewa ya kompyuta. Zovuta zake n'zakuti pamafunika kuitanitsa kunja ndi kulipira msonkho, pamafunika audio interface yabwino, kabokosi kolowetsera mawu m'kompyuta pojambula, ndipo sikasunga mawu amene wapanga, moti ukapeza besi yokoma uyenera kujambula chithunzi cha zopotokolazo pa foni. Ma oscillator a analogue amasuntha ndi kutentha, choncho chipangizocho chimafuna kuyatsidwa kwa kanthawi chisanachunidwe, ndipo m'chipinda chimene m'mawa muli kozizirira koma masana muli moto uyenera kuchunanso. Fumbi la m'chilimwe likalowa m'zopotokola zimayamba kukhwekhwereza, ndipo chikawonongeka wokonza wapafupi ali ku Blantyre, kukwera mapiri onse aja kuchokera pa Thabwa. Kwa woimba pa siteji kapena m'tchalitchi ndi chida chabwino. Kwa wojambula amene makasitomala ake amabwerera pakatha mwezi kudzasinthitsa kiyi ya nyimbo, pulogalamu ndi imene imamusungira mtendere, chifukwa imakumbukira zonse.

Pulogalamu iliyonse imene munthu wasankha, pali zizolowezi zimene zimapeputsa katundu kuposa kusintha pulogalamuyo. Chachikulu ndi buffer, mulu wa timadontho ta mawu timene kompyuta imawerengera nthawi imodzi. Pa 44,100, buffer ya 128 imachedwetsa mawu ndi mamilisekondi pafupifupi 3, ya 512 pafupifupi 12, ndipo ya 1024 pafupifupi 23. Poimba pa kiyibodi pamafunika yaing'ono kuti chala ndi khutu zigwirizane, koma posakaniza palibe chifukwa chozunzira purosesa, ndipo kuikweza kufika pa 1024 kumathetsa kuthetheka kochuluka. Besi ikangokhazikika ndi bwino kuisandutsa fayilo ya mawu n'kuzimitsa plugin, zimene zimatetezanso ntchitoyo tsiku limene laisensi idzavute. Laputopu isakhale pa nsalu kapena pa matiresi koma pa timatabwa tiwiri kuti mpweya uzidutsa kunsi, fumbi la mu fani lizichotsedwa chilimwe chisanafike, ndipo tizikumbukira kuti malaputopu ambiri amadzichepetsera mphamvu akamayendera batire, kotero nyimbo imene imayenda bwino magetsi alipo ikhoza kuyamba kuthetheka akangozima.

Tsiku la kwaya lija ndinatsitsa Diva kufika pa draft, ndinakweza buffer, ndipo mnyamata wa kiyibodi anaimba besi ya nyimbo zonse zitatu popanda chovuta. Kutulutsa komaliza ndinadikira mpaka cha m'ma 10 koloko usiku, kamphepo ka ku Shire katayamba kulowa pa zenera, ndipo ndinalola kompyuta kuti iwerengere pa mlingo wapamwamba mosathamanga. Nyimbo yachitatu besi yake ndinaipanganso pa Surge XT pofuna kudziyesa ndekha, ndipo sindinauze aliyense. M'mawa mwake mayi wotsogolera uja anabwera ndi memori khadi, anaika m'foni yawo, anamvetsera nyimbo zonse zitatu ataimirira pakhomo, n'kunena kuti, "Achimwene, yachitatuyi besi yake ndiye yakhala bwino, koma mawu a alto mwawabisa, muwakwezeko."